Kope la Nambala 64

Lolemba, 3 Juni

Kalabu ya kompyuta yayambanso. Ana 19 a Folomu 3. Makompyuta anayi, imodzi ya sikirini yong'aluka pakona. Teremu ino: nzeru za makina, komanso kuyankhula pagulu. Pa 22 ndi tsiku la makolo. Ahedi akufuna "chinthu choti makolo aone ndi maso, osati zokamba zanu zija."

Funso loyamba kwa ana: foni imadziwa bwanji mawu amene ukufuna kulemba usanawalembe? Wailesi, mnyamata wa kumbuyo uja pakamwa sipatsekeka, anati, "Muli kamzimu, aphunzitsi, kamadya batire." Chiseko.

Ndinalemba pa bolodi: MAKINA SALOTA. Amangowerengetsa kuti mawu akuti amatsatana ndi akuti kangati, kenako n'kutola mwamwayi. Chimene sanameze sangachilavule. Ndinawauza alembe m'makope, adule mzere kunsi.

Lachitatu, 5 Juni

Pulogalamu yathu ikufuna zolemba zoti imeze. Ndinakumbukira katoni ya m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa madesiki othyoka. Makope a chimangirizo amene ana akale anasiya. M'mphepete monse ndemanga zanga za bolopeni yofiira, zaka khumi ndi chimodzi.

Ganizo: ana atayipe ndemanga zokhazo, pulogalamu iphunzire kulemba ngati ine. Makolo adzaseka, ahedi adzakhuta.

Fumbi, mphemvu ziwiri, chimfine. Ndinawerenga makope ndisanawapereke: 63.

Wodzafotokoza pa tsikulo ndasankha Loya. Dzinalo anamupatsa anzake chifukwa salola mfundo kudutsa osaifunsa chiphaso. Wamfupi, mawu otsika, sathamanga poyankhula. Sanamwetulire nditamusankha. Anangofunsa ngati makope onse alowe, "ngakhale oipa." Ndinati onse. Kusankha zokoma zokha n'kunamiza makina.

Lachisanu, 7 Juni

Kutayipa. Ana awiri pa kompyuta, wina kuwerenga, wina kulemba, kope lililonse nambala yake pachikuto. Wailesi akuwerenga ndemanga ndi mawu anga, dzanja kumbuyo monga ndimachitira. "Ganiza usanalembe." "Kodi iyi ndi ndime kapena ngozi ya basi?" Ndinasekanso ine. Sindinkadziwa kuti mawu oti "ulesi" ndimawakonda chonchi.

Theka la ola lomaliza, kuyankhula pagulu. Malamulo atatu: yamba ndi mfundo, yang'ana anthu m'maso, usapepese pa zoona. Loya amandiyang'anadi m'maso. Mpaka ndinayamba kukonza choko m'bokosi.

Lachiwiri, 11 Juni

Pulogalamu yayenda. Ukadina batani, ndemanga imodzi.

"Wayesetsa koma ulesi." "Bwereza ndime iyi usanalembe." Zina zopanda mutu. Ana kugwa ndi phwete. Wailesi: "Aphunzitsi, mwapuma pantchito, mbale wanu wafika!"

Kudina kwachisanu ndi chiwiri:

"Mutu uwu si wa sukulu. Kafune ntchito ya manja, usatitayitse nthawi."

Phwete linathera pomwepo.

Ndinati makina alumikiza zidutswa za ndemanga zosiyana, zimachitika. N'zoonadi kuti zimachitika. Ndinatinso ine sindinalembepo zotero kwa mwana aliyense.

Loya, osakweza mawu: "Koma liwu lililonse linachokera mwa inu, eti aphunzitsi? Munatiuza tidule mzere kunsi."

Belu linandiombola.

Lachitatu, 12 Juni

Nthawi yopuma, ndekha m'chipinda cha makompyuta. Ndinatsegula fayilo ya ndemanga, ndinafufuza liwu loti "manja." Lapezeka kamodzi. Chiganizo chonse chathunthu, monga chinatulukira. Palibe cholumikiza. Chifukwa mawuwo sapezeka kwina, pulogalamu ikangoyamba njira imeneyo ilibe kokhotera.

Pambali pake: kope 64.

Poyamba paja ndinawerenga 63. Ndinabwerezanso mu katoni: 64. Sindilakwitsa kuwerenga zinthu zosakwana zana.

Lachinayi, 13 Juni

Ndalipeza. Chikuto chokutidwa ndi pepala la khaki, mulibe fumbi ngati enawo. Lasungidwa m'nyumba, osati mu katoni. Folomu 2, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Dzina la bambo ndi lomwe la Loya.

Dzanja ndi langa. Bolopeni inadinikizidwa mpaka kuboola pepala pa liwu lomaliza. Tsiku: 14 Okutobala. Pambuyo pake masamba 38 oyera.

Nkhope sindikuikumbukira. Ndayesa. Ndikukumbukira kalasi, zenera losweka, ana 80 ndi kanthu, mulu wa makope. Iye ayi.

Chimangirizo chake: "Mmene ndinakonzera loko wa chitseko." Zilembo zotembenuka, mawu odukaduka, ena olembedwa mitundu itatu patsamba limodzi. Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala pamzere. Ndondomeko yonse ilipo, yolondola, palibe sitepe yodumphidwa. Chaka chatha ndinawerenga buku lonse la ana amene maso awo amasokoneza zilembo nzeru zili bwinobwino. Ndinauzako aphunzitsi anzanga monyadira. Nthawi imeneyo n'kuti iye atapita kale.

Lolemba, 17 Juni

Ndinamuuza Loya atsale. Sanakane kalikonse. Kope ndi la achimwene ake. Analitenga m'sutikesi yawo, analiponya mu katoni tsiku loyamba kutayipa.

Akuti tsiku la ndemanga ija achimwene akewo anabwera kunyumba, anaika kope pansi pa zovala, m'mawa mwake sanavale yunifolomu. Bambo awo anawamenya kawiri, kusukulu sanabwerere. Palibe amene anadziwa chifukwa mpaka Loya atalipeza kopelo chaka chino.

Ndinafunsa ali kuti tsopano. Ndinaopa yankho, ndivomere.

"Mumawadutsa tsiku lililonse, aphunzitsi. Amawotcherera mageti pa siteji ya basi."

Shedi ya malata ija, pafupi ndi wosoka nsapato. Munthu wa chigoba chakuda kumaso. Chaka chatha anandiwotcherera mwendo wa mpando. Anakana kuti ndidikire padzuwa, anandilozera benchi. Ananditchula "aphunzitsi." Ndinayesa ndi chifukwa cha choko pa malaya.

Ndinafunsa Loya chimene akufuna. "Palibe. Munati onse alowe."

Lachitatu, 19 Juni

Phokoso la chodulira zitsulo limamveka mpaka m'kalasi mphepo ikachokera kumsewu. Zaka zonsezi sindinalimvepo. Lero katatu ndinaima pakati pa chiganizo.

Makope a Folomu 1 ali pa tebulo kuyambira Lolemba. Ndachonga asanu. Ndemanga palibe. Bolopeni ikafika m'mphepete ndikuibweza.

Mfundo, popanda kudzimvera chisoni. Mwana sasiya sukulu chifukwa cha chinthu chimodzi. Zofufuza zonse zimatero. Ana 80, mphunzitsi mmodzi. Ntchito ali nayo, luso ali nalo. Zonse zoona. Masamba 38 nawonso ndi oona.

Fayilo ili pa kompyuta imene kiyi wa chipinda chake ndimasunga ine. Mzere umodzi. Kufufuta n'kosakwana mphindi.

Ndinawafotokozera akunyumba tikuanula zovala. Anapinda shati, anati, "Abambo ake, inu mukuopa kuti munalemba, kapena kuti anthu awerenga?" Ndinati funsolo silinaikidwe bwino. Anati, "Chongani ndi yofiira."

Lachisanu, 21 Juni

Ndinayesa ndekha: kudina ka 200, chiganizo chija chatuluka ka 23. Pafupifupi kamodzi pa kasanu ndi kanayi. Mawa Loya adina ka 30 pa pulojekita. Mwayi woti chisatuluke n'komwe: atatu pa zana. Makolo, ahedi, a komiti ya sukulu, onse adzachiwerenga pakhoma, zilembo zazikulu ngati dzanja.

Ndinauunikira mzerewo, chala pa batani lofufutira. Ndinakhala choncho mpaka sikirini inazima yokha.

Sindinafufute. Ndisadzinamize kuti ndi kulimba mtima. Loya akanadziwa, ndipo Lolemba ndikanaima pamaso pake ndi choko.

Ndalemba zoti ndidzanene chikatuluka. Mizere inayi. Ndayamba ndi mfundo.

Loweruka, 22 Juni

Holo yodzaza, mipando yosakwana, ana aang'ono m'mazenera. Loya anayankhula bwino kuposa mmene ndinamuphunzitsira. Anafotokoza za kuwerengetsa mawu ndi chitsanzo cha amayi amene amadziwa chimene mwana apemphe asanatsegule pakamwa. Makolo anagwedeza mitu.

Kenako batani. Ndinawerenga kudina kulikonse, pepala langa m'thumba litanyowa ndi thukuta. Khumi. Makumi awiri. "Ulesi" kasanu, holo yonse kuseka. Bambo wina anakuwa, "Ameneyo ndi yemweyo, anandiphunzitsa ine!" Makumi atatu.

Sichinatuluke.

M'manja. Ahedi kundigwira paphewa.

Pakhomo lakumbuyo panaima munthu wa ku shedi uja, mu ovololo ya buluu, manja m'matumba, maso ofiirira. Wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Sanaombe m'manja, sanaseke. Loya atamaliza, iye n'kuti atapita.

Atatu pa zana zimachitika. Ndabwereza mawu amenewa njira yonse yobwerera.

Lolemba, 24 Juni

Sizinali atatu pa zana. Ndafufuza "manja" mu fayilo: palibe. Kope 64 lonse lachotsedwa. Fayilo inasinthidwa Loweruka m'mawa, nthawi imene ndinapatsa Loya kiyi kuti akatenge pulojekita.

Anabwera yekha ndisanamuitane. Maso otupa, koma mawu osagwedera. Akuti Lachisanu anawaululira achimwene ake zonse. Iwo anamukalipira koyamba chibadwire chake.

"Anati mawuwo munalembera iwo, si a holo yonse. Anati ndichotse."

Ndinati ndamva. Ndinatulutsa kope m'dirowa kuti alitenge. Anaika manja kumbuyo.

"Anati mukabweze nokha, aphunzitsi. Akuti shedi mukuidziwa."

Wailesi anasuzumira pakhomo kufunsa ngati teremu yamawa tipange pulogalamu ya ndemanga za ahedi. Palibe anaseka. Anabweza mutu.

Lachisanu, 28 Juni

Kope lili m'chikwama kuyambira Lolemba. Lachiwiri ndinadzera njira ya kumsika, ati kukagula mababu. Lachitatu chimodzimodzi, popanda chogula. Dzulo tsidya lina la msewu, maso pa foni.

Mizere inayi ija siikugwira ntchito. Ndinailembera holo. Kwa munthu mmodzi ndilibe kalikonse, ine wophunzitsa kuyankhula.

Lero m'mawa basi inaima pakati pa ine ndi mwini kope, itachoka tinapezeka tikuyang'anana. Anazimitsa makina. Anakweza chigoba pamphumi. Sanandiitane, sanakweze dzanja. Anachotsa zitsulo pa benchi, anaipukuta ndi mkono wa ovololo, mbali imodzi, kenako inayo. Anaima pambali pake.

Ndinaloza wotchi, ndinaloza kusukulu. Anagwedeza mutu ngati munthu amene sakuthamangira kulikonse. Nditatembenuka pa geti, benchi inali ikadali yopanda kanthu, iye asanayatse makina.

Mawa Loweruka. Kulibe belu loti ndinamizire.