Nyimbo ya mdala wa gitala

Amayi anga, kodi muli bwanji uko muliko? Kuno ku Kabwata mphepo ya Julayi yatipeza. Ndi masana, dzuwa lilipo koma silikufunditsa. Esinati, mwana wa amalume, wabereka mtsikana ndipo amutcha dzina lanu. Mpopi wapanja ukudonthabe.

Chandilembetsa ndi nyimbo ija, ya mdala wa gitala amene anathera unyamata wake akuimba m'mabala. Ija anaimba atakalamba, mawu atasasa, akufunsa Mulungu ngati kwawo kudakali malo a munthu wofika mochedwa. Mulungu samuyankha m'nyimbomo, gitala imangolira yokha mpaka kutha. Mutadwala munkaimvetsera pafoni n'kumati, “Uyu sakumunamiza Mulungu.” Tsiku lina munandigwira dzanja n'kundiuza kuti idzaimbidwe pamanda panu. Tinali awiriwiri, mboni ndilibe.

Pamaliro sinaimbidwe chifukwa ndinaopa kutsegula pakamwa. Tsopano Loweruka lino tikuvundukula mwala wa pamanda panu. Dzulo tinakumana ku Chelstone kwa alongo anga ba Yosefe kukonza pulogalamu, ndipo ndinaitchula nditaweramitsa mutu. Iwo anati, “Iwe Tisa, nyimbo ya m'mabala pamaso pa ba pasita? Munthu wopulumuka safunsa mafunso, amalengeza chigonjetso.” Alamu anga n'kuti, “Kansi umakamba?” Onse anaseka. Ine ndinangotola makapu n'kupita kukhitchini.

Ndakwiya, Amayi. Ba Yosefe ankabwera Lamlungu ndi maapozi, n'kupemphera mokuwa kuti mwachira, n'kukwera galimoto. Amene ndinkakusambitsani ndi ine. Ndikudziwa kuti munkakhulupirira, ndiponso munkaopa, zonse ziwiri, ndipo nyimbo ija yokha ndiyo inkakulolani kutero. Koma kwenikweni ndakwiyira pakamwa pangapa. Munkati madzi odikha ndiwo akuya, koma anga angodikha basi.

Ndiye ndaganiza chonchi. Nthawi yoika maluwa amaitana ana mmodzimmodzi kuyambira wamkulu, ndipo saitana wina mpaka woitanidwayo atanyamuka. Ine ndine chitsiriza. Ndidzagwada, duwa lili m'manja, ndipo sindidzaliika mpaka nditaimba nyimbo yonse. Ba Yosefe sangandikoke pamanda anthu akuona. Ndakhala ndikuyeserera pochapa, ndipo ndime yachiwiri ikundivutabe.

Mawu anga mukuwadziwa, ndi aang'ono. Mudzatchere khutu, Amayi. Ulendo uno sindithawira kukhitchini.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tisa

Lachinayi, 3 koloko masana.