Phewa la a Virgílio

4 Junyu 1986, Chipera

Abwera. Masiku khumi ndi limodzi chiwatengereni zigawenga za m'tchire kukasenza matumba a chimanga. Anatengedwa asanu ndi awiri, abwerako amuna anga okha. Mapazi ming'alu yokhayokha, phewa lamanja lotupa ngati dzungu. Ndawaphikira phala, osaliyang'ana n'komwe. Funso loyamba: "Mai a Berta, ndodo yanga ilipo?" Ndikanawagenda ndi chipande. Ndakalirira kuseri kwa nkhokwe.

7 Junyu

Ndodoyo ndi ya gofu, ya mutu wachitsulo. Ndicho chuma chonse chimene a Virgílio anabwera nacho ku Halale, atasenzera azungu zikwama m'bwalo la masewerawo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amuna a anzanga anabwera ndi njinga, ena makina osokera. Ine Carlota ndinalandira ndodo. Mipira yeniyeni inatha kalekale. Amasema yawo ya mtengo wa tsanya, m'mawa uliwonse n'kumaimenya m'mphepete mwa dambo, moyang'ana kuphiri. Mudzi unaseka mpaka unatopa.

Lero ayesanso. Zakanika. Kale ankawerama pang'ono, msana n'kukhala momwemo mpaka mapeto. Ndodo ikamatsika, phewa lamanja linkatsika nayo n'kudutsa pansi pa chibwano. Tsopano pakangofika popweteka thupi likudzuka lokha, phewa n'kuzungulira m'mwamba, ndodo n'kungopala mpira pamutu. Akhala pansi pa chulu nthawi yaitali, ndodo ili pamiyendo. Ndawamvera chisoni, koma sindinawauze.

10 Junyu

Asilikali a boma awatenga m'mawa, iwo ndi ndodo yomwe. Amene wakawaneneza ndi Jacinto wa milisiya, gulu la alonda a boma m'mudzi muno, yemwe ndinamuphunzitsa katekisimu ndi pakamwa panga pano. Akuti munthu wobwerako yekha kutchire, kenaka n'kumagwedeza chitsulo chonyezimira moyang'ana kuphiri kumene kuli zigawengazo, akulankhula ndi yani? Chondiwopsa n'chakuti ukaziyala motero zimamveka. Onse amene akhala akuseka zaka khumi ndi chimodzi, lero palibe wokumbuka kuti ndi masewera. Sindikuwada. Mantha ndi omwewo tonse.

11 Junyu

Ndapititsa chakudya ku kwarteli, kumsasa wa asilikali. Komandanti ndi wa kum'mwera, Chinyanja sakuchidziwa, gofu sanaionepo chibadwire. Nkhope yotopa, si munthu woipa poyang'ana. Walankhula Chiputukezi, Jacinto n'kumamasulira maso ali pansi. Ngati ndi masewera, Loweruka awaonetse. Mipira itatu. Umodzi ukadumpha mtengo wa mango uli kuseri kwa mbendera, abwerera kunyumba. Apo ayi, Lolemba akwera kamyau, galimoto la asilikali lopita ku Fíngoè. Okwera kamyau imeneyo chaka chino sitinaonepo wobwerako.

Mtengo umenewo kale akanaudumphitsa mpira atatsinzina. Ndi phewa ili, kaya.

13 Junyu

Andilola kuwathowa. Madzi otentha, mafuta a nsatsi. Mkono sukukwera kupitirira pachifuwa. Iwo nkhani ndi gofu basi, ngati kamyau ikudikira munthu wina. "Mphamvu si ya mikono ayi, mai a Berta. Ukadzuka, mpira wautaya." Ndawauza kuti akhale chete ndigwire ntchito. Ndinali kuthowa ndi ukali, mpaka anabuula.

Berta ali ku Malowera kwa amuna ake, sakudziwa kanthu. Wotuma palibe, njira sizikuyendeka. Ndayesa kupemphera, zakanika.

14 Junyu, Loweruka

Mudzi wonse pabwalo la kwarteli. Amuna chiimire, ife akazi pansi cha kumbali. A Virgílio atulutsidwa atavala malaya omwe aja a Lachiwiri. Aika mpira pa kamulu ka dothi.

Woyamba wangogubuduka ngati nthudza. Asilikali kuseka. Wachiwiri wathawira kumanja, pakati pa mbuzi. Kawiri konse chinthu chimodzi: ndodo ikamatsika akuthawa ululu, msana ukuwongoka, phewa likudutsa m'mwamba. Iwo osadziwa. Amangoyang'ana ndodo ngati ndiyo yalakwa. Komandanti anayamba kuyang'ana wotchi.

Ndinangodzipeza ndaimirira. "Bambo a Berta, mukudzuka! Khalani chiweramire, phewa lipite pansi, lipweteke lisapweteke!" Mkazi kukalipira mwamuna wake pamaso pa komandanti. Apongozi akanakhala ndi moyo akanafanso.

Anandiyang'ana. Kenaka anawerama. Ndodo inakwera, inatsika, phewa linatsika nayo mpaka pansi pa chibwano. Ndinamva kulira kuwiri, kwa mpira ndi kwa m'phewamo. Mpirawo sindinauone. Akuti unapita pamwamba pa mango osakhudza tsamba, n'kukagwa kufupi ndi chitsime. Ine ndinaona amuna anga atagwada, mkono atauchirikiza ndi unzake.

Komandanti waomba m'manja, wawamasula. Ndodo wasunga, akuti chitsulo n'chitsulo. Amene wandithandiza kuwanyamula mpaka kunyumba ndi Jacinto.

22 Junyu

Mkono ukungolendewera. A enfermeru a kuchipatala akuti china chinaduka m'kati, mankhwala ake ali ku Tete, ndiye kuti palibe. Akudya ndi dzanja lamanzere, moyang'ana kukhoma, kuchita manyazi. Nthawi ya dimba ndi ino, khasu ndi langa ndekha tsopano, chaka chino ndi zaka zonse. Kamyau inapita Lolemba popanda iwo. Ndimadziuza zimenezo kakhumi pa tsiku.

Komabe ndine ndinakuwa. Masiku asanu ndi atatu ndakhala ndikudikira kuti andinene, ndipume.

Lero ndikupeta pakhonde, andiyang'ana nthawi yaitali. Ndinati basi, zafika. "Mai a Berta, zaka zonsezi ndinkayesa mumangosinja. Kani munkaona?"

Ankamwetulira, munthu wopanda mkonoyo. Ndawayankha kuti mphale ikundidikira. Ndalowa m'nyumba ndi lichero lomwe, ndipo mpaka pano sindinathe kutulukamo.