Matemba Akwera ndi Ndowa

Chinsapo, Lilongwe

Wokondedwa mlongo wanga Leston,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Joniko, pamodzi ndi alamu anga a Lois ndi ana. Msana uja unasiya kuvuta? Kuno tadzuka, mvula yayamba. Foni yako siikulowa, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi a Kizito oyendetsa thiraki.

Nkhani ndi ya abambo.

Ukukumbuka tsiku unkanyamuka? Anakufunsa kuti udzabwera liti, iwe uku ukumanga chikwama unangoti udzabwera matemba akadzakwera. Tonse tinamva kuti ukunena mvula yotsatira. Paja kuyambira tili ana, madzi akangofiira matemba ankakwera mtsinje wathu kukaswana kumadambo. Iwe ndi ine tinkawakola ndi chitenje cha malemu amayi, n'kukakwapulidwa limodzi madzulo chifukwa cha matope.

Chaka chomwecho munthu wina wolima masamba anatchinga mtsinje ndi khoma la simenti kuti azithirira mbewu. Kumtunda kwa khomalo madzi anaima, anabiriwira, amanunkha. Kumunsi okumba mchenga asiya maenje okhaokha. Matemba amafika pakhomapo, n'kumadumpha, kumenya simenti, kugwa. Ambiri ali ndi zilonda m'mbali, moti ngakhale mphaka amangowanunkhiza n'kuchoka.

Ndiye anthu akutchalitchi akanena kuti unatchona, abambo amakwiya. Amati Leston wawo sananamepo, zachedwa ndi nsomba. Zaka zonsezi akhala akukuikira kumbuyo motero. Ine ndinkangoseka, tsiku lina n'kukalira kuseri kwa bafa.

Lachiwiri ndinachokera kumsika n'kupeza ndowa yosambira palibe, abambonso palibe. Ndinakawapeza pakhoma paja, thalauza atapinda, madzi akulekeza m'maondo. Amatunga matemba kumunsi, kukwera nawo gombe loterera lija ndi miyendo yawo yotupayo, n'kukawakhuthulira kumtunda. Anyamata a mchenga ankawaseka kuti madala atsegula minibasi ya nsomba, wina n'kufunsa ngati matembawo akulipira. Abambo anawauza kuti atseke pakamwa, iwo sanaberekepo.

Ndinawachonderera kuti madzi akumtundako ndi oipa, nsombazo zikafa. Anati akudziwa, koma zife zitafika.

Pobwerera anagwa kawiri. Kuyambira tsikulo sanadzuke pamphasa. Chifuwa chawagwira, phala akungomwa pang'ono. Dzulo anandiitana ndi mawu ochokera kutali, n'kunena kuti ndikulembere: matemba akwera, iwo awaona ndi maso awo. Anafunsanso ngati bulangete lako lija ndalichapa.

Leston, sindikupempha katundu ayi. Ngati akukuvuta ndi manyazi obwera chimanjamanja, bwera choncho, nafenso kuno manja ali lende. Ndowa ndaibisa kwa aneba. Koma mitambo yayambanso kuda, ndipo mvula ikagwa iwe usanafike, adzaganiza kuti nsomba zimene anawolotsa zinachepa. Adzakwawa kubwerera kumtsinje ndi mbale. Ine ndekha sindingawagwire.

Upereke moni kwa a Lois. Ana uwauze kuti azakhali awo akufuna kuwagwira ndi manja, zithunzi takhuta nazo. Alamu ako a Ralph akuti akakuchingamira kudepoti, ungotumiza mawu kudzera mwa a Kizito.

Mulungu akusunge, akutsegulire njira, uwapeze akuonabe.

Ndine mlongo wako,
Pauline