Chikombole cha Achimwene

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ife kuno Mulungu akutisunga, kungoti amayi mwendo uja wayambiranso kutupa. Musadabwe kuti ndakulemberani patapita nthawi yaitali chonchi. Lamulo la bambo mukulidziwa, lakuti dzina lanu lisamveke pakhomo pano chichokereni tsiku lija munakana ntchito ya matabwa n'kutuluka m'shopu. Ine lamulolo ndakhala ndikulisunga, koma tsopano madzi afika m'khosi, ndipo amene mwandiika pamenepa ndinu, kaya mukudziwa kaya simukudziwa.

Makasitomala atayamba kuchepa, bambo omwe aja ankati kompyuta ndi khasu la alesi anandiitana n'kunena kuti poti ndinapondako ku sekondale, ndiwapangire tsamba la pa intaneti loonetsa mipando, mabedi ndi makabati athu. Ndinavomera ndi pakamwa, m'mutu muli mbee. Kenaka ndinakumbukira kompyuta yanu yakale imene munaisiya pansi pa bedi, ndi chinthu chija munkachitcha chikombole. Munkandiuza kuti chili ngati choumbira njerwa: munthu angochikopera, aikepo dzina latsopano ndi zithunzi zake, asunge, basi makina amange tsambalo n'kulitulutsa okha kuti dziko lonse lione. Ndinachitadi momwemo. Madzi a tiyi asanawire, makabati a bambo anali akuoneka kale pa foni yanga. Ndinagwada pa utuchi pomwepo kuthokoza Ambuye.

Chimene sindinachione msanga n'chakuti kumunsi kwa tsambalo kunali mawu akuti lakonzedwa ndi inu, dzina lanu lonse, ndi kachithunzi kanu pambali. Ndinafufuta nthawi yomweyo. M'mawa mwake nditaikapo chithunzi cha tebulo latsopano n'kusunga, ndinangoona mwabwereranso, mukumwetulira ngati palibe chachitika. Ndinafufutanso, munabweranso. Ndinadzazindikira kuti makinawo sakumbukira zimene ndafufuta. Nthawi iliyonse ndikasunga amayambiranso kumanga kuchokera pansi, ndipo mbali yakumunsiyo amakaitenga kwa inu komweko, kumene ine ndilibe kiyi wake. Ndikaonjezerapo kanthu, inu mwatulukira. Ndikasiya osakhudza, bambo afunsa chifukwa chake zitseko zatsopano sizikuoneka. Mwayi wake bambo akaona kabati yawo pamwamba amakhutira, safika kumunsi, choncho ndinkakhala ngati mlonda, kusunga ndi kufufuta, kusunga ndi kufufuta.

Lolemba lapitali ndinasunga mothamanga chifukwa amayi amandiitana kuti ndikawathandize kukwera pabedi, ndipo ndinaiwala kufufuta. Sindinadziwe kuti inu kumeneko mwasintha chithunzi chanu. Masana kunabwera aphunzitsi aakulu aja a pasukulu ya mkaka kudzaoda mashelefu. Asanakhale n'komwe pansi anatulutsa foni n'kuwaonetsa bambo.

"Amisiri, mumabisa bwanji nkhani yabwino chonchi? Chidzukuluchi mphumi yake ndi yanu yeniyeni."

Ndinasuzumira kumbuyo kwawo. Munali inu, mutanjuta pambali pa kamwana kovala chipewa katakhala pa kampando. Achimwene, umu ndi mmene ife tadziwira kuti muli ndi mwana. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga tepi n'kufunsa aphunzitsiwo kutalika kwa khoma lawo ngati sanamve kanthu. Aphunzitsi atapita, anazimitsa makina ochekera, m'shopu munangoti zii, n'kundifunsa osanditembenukira:

"Iwe, ukuchita dala?"

Ndinayankha kuti ndi makina akuchita okha, ine ndalephera kuwaletsa.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa sindinauze munthu wina aliyense, ngakhale abusa. Mawu amenewo kale anali oona, koma Lolemba lija sanali oona. Masabata apitawo ndinakhala pansi kuwerenga mafayilo a m'chikombole chanu limodzilimodzi, Chingerezi chake chovuta ngati cha pa botolo la mankhwala, mpaka ndinaupeza mzere umene umatuma makinawo kwa inu. Ndi mzere umodzi wokha. Ndikauchotsa, simudzabweranso. Ndinaika chala pa batani, koma chinakana. Ndinaona kuti pakhomo ponse pano, malo okhawo amene mumaloledwa kulowa ndi kumunsi kwa tsamba limeneli, ndipo ine sindinafune kukhala wotseka chitsekocho. Choncho ndinawanamiza bambo anga ali chiimire patsogolo panga, ndipo Lamulungu likudzali kuli Mgonero. Ndikatambasula bwanji dzanja?

Bambo alamula kuti pofika Loweruka chithunzicho chikhale chitachoka. Apo ayi, aitana bambo uja wokonza mafoni pakona kuti adzachichotse, ndipo ine kompyuta ndisadzaikhudzenso. Munthu ameneyo akangotsegula adzauona mzerewo, ndipo ndi wolongolola, adzanena kuti ngakhale mwana akanatha. Pamenepo bambo adzadziwa kuti ana awo onse awiri anawapandukira, wina poyera wina mobisa. Amayi nawo akangomva makina ochekera akulira amandikodola kuti ndiwatsegulire foni, n'kumakulitsa nkhope ya kamwanako ndi zala mpaka ingotsala maso okha. Dzulo anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikachifufuta ndidziwe kuti ndawalanda mdzukulu. Timaphunzitsidwa kulemekeza bambo ndi mayi, koma palibe anatiuza chochita pamene wina akukokera kuno wina uko, iwe uli pakati ngati thabwa lopanidwa.

Sindikukufunsani ngati chithunzicho munachisintha mukudziwa kumene chikafike. Zimenezo zili pakati pa inu ndi Mulungu. Ndikungopempha chimodzi mwa ziwiri Loweruka lisanakwane. Ngati mwatsimikiza kuti kuno simudzabweranso, dzichotseni nokha kumeneko, kuti dzanja lodula lisakhale langa. Ngati ayi, nambala ya m'shopu ili pamwamba pa tsamba lomwelo, ndipo amene amayankha ndi bambo. Akhoza kudula foni, sindikulonjezani kanthu. Koma musandisiyire ndekha katunduyu, ine ndinangofuna kugulitsa makabati.

Amayi akupereka moni kwa inu ndi alamu, ndipo akufunsa ngati ndi wamkazi kapena wamwamuna, poti chipewa chija chikubisa, komanso dzina lake ndani. Bambo sananditume moni, sindiwonjezera bodza lina. Koma m'mawa uno akupala thabwa amalankhula ndi khoma, mokweza kuti ine ndimve, kuti kampando kaja kanakhomedwa ndi misomali yokhayokha, mwendo wakumanzere ndi wopendama, ndipo munthu amene anakulira m'shopu ya matabwa sayenera kukhazika mwana pa chinthu chotero, angagwe.

Ine mlongo wanu wokupemphererani,
Chitsirizira cha m'nyumba muno