Makadi Anu Ali M'chigafa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Amerekako. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa abambo ukutupabe, ndipo kuchipatala cha ku Mtengowanthenga awasinthira mankhwala. Poti inu simunafunse, ndati ndikuuzeni ndekha.

Katoni munatumiza ija tinakailandira ku Mponela kwa mnzanu uja. Uthenga wanu unali woti tisunge, basi. Simunanene kuti muli mabokosi a makadi a anthu omenya mpira ndi chibonga, kapena kuti mabokosiwo satsegula. Abambo ataona nkhope pa bokosi anati, "Izi ndi zithunzi, mwana wanga alimo." Anakhala m'chigafa tsiku lonse akung'amba timapaketi, kadi lililonse kuliyandikitsa kumaso. Atakusowani, anawasankha monga amachitira ndi fodya, ofiira paokha, abuluu paokha, n'kuwamanga ndi luzi kuti mudzawapeze mwadongosolo.

Ndiye inu pa foni n'kumawakalipira ngati wantchito wanu, ati akuwonongerani vidiyo imene mukanadzajambula potsegula mabokosiwo! Ine ndinali pomwepo, ndinamva zonse. Iwo anangoti, "Pepani, bambo," n'kundipatsa foni. Tsiku limenelo sanadye.

Makadi anu alipo onse, ngakhale chiswe sichinawakhudze. Tumani munthu adzawatenge, atikwana. Koma pomutumapo mumupatse chithunzi chimodzi cha nkhope yanuyo, kuti abambo asamakusakeni pakati pa anthu osawadziwa.

Mulungu akusungeni, akukumbutseninso kwanu.

Ndine mlongo wanu,
Esinta