Ndimangofuna Timupempherere

Lolemba, 4 Marichi

Asankha Flossie. Ine zaka zitatu ndikutsuka makapu kutchalitchi ku Erdington kuno ku Mangalande, koma wolankhula pa tsiku la amayi ndi Flossie. Mutu wake: ubwenzi ndi utumiki wa amayi a mu mpingo woyamba. Akuti poti ndiye amatisokera mabulawuzi oyera a mvano, akufanana ndi mayi wakale uja ankasokera amasiye malaya. Ndinawomba nawo m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

Mnzanga wapamtima, eti. Anandichingamira pabwalo la ndege, ndinagona pa sofa yake miyezi itatu, ndipo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi. Chimenecho ndiye chimandinyansa kwambiri.

Lachitatu, 6 Marichi

Lero anandibwereka ku wodi ya amayi chifukwa anamwino anachepa. Nditsegule katani ya bedi 9, Flossie! Wapita padera, mimba ya miyezi itatu. Mwamuna wake Saulos ali ku Lilongwe chaka ndi theka tsopano, kudikira viza. Ngakhale mwana wa sitandade wani atha kuwerengetsa yekha.

Anandigwira dzanja. "Mildred, please, iwe ndiwe nurse. Zithere momuno." Ndinati usade nkhawa sisi, nkumukonzera pilo bwinobwino. Pobwerera m'basi ndimangomwetulira ndekha, mzungu wina mpaka anasintha mpando.

Loweruka, 9 Marichi

Mapemphero a amayi kwa Mayi Queen, apampando athu. Ife a mvano sitinena miseche, timapempherera. Itakwana nthawi ya zopempherera ndinaimirira, maso pansi, mawu akunjenjemera pang'ono: "Amayi, tikumbukire mlongo wathu wina amene wataya mimba ali yekhayekha, bambo ali kutali." Dzina sindinatchule. Mpando wopanda munthu unali umodzi wokha.

Pemphero linatenga mphindi ziwiri. Tiyi, maola awiri.

Lamulungu, 10 Marichi

Mwambo wathu ngwakuti wotuluka m'chipatala timamuphikira mosinthana sabata yathunthu. Mndandanda wa ophika ndimalemba ndine. Sindinalembe, ndipo palibe wafunsa.

Lachinayi, 14 Marichi

Komiti ya mvano inatuma amayi awiri kukatenga bulawuzi ndi duku la Flossie. Amuvula, miyezi isanu ndi umodzi. Akuti anawapatsa zositasita, nkuwonjezera thumba la mabulawuzi anayi a anthu omwe anali asanamalize, singano ili chibayire pakolala. Wina waimbira kale Saulos. Si ine ayi, ine ndinangopereka nambala.

Mayi Queen pafoni: "Mildred, topic ija mutenge ndinu, mwayenera."

Mtima wanga uli mbee.

Lamulungu, 17 Marichi

Ndinalankhula theka la ola. Amayi akale aja ankatsegula makomo awo, ankasambitsa odwala, ankasungirana. Mawu ambiri ndinatenga papepala lomwe Flossie ananditumizira atangomusankha kuti ndimuonereko. Ena analira, Mayi Queen anafuula ameni katatu. Bulawuzi ndinavalayo ndi yosoka iye yomwe, ndipo inandithina m'khwapa tsiku lonse.

M'galimoto mwamuna wanga Lackson anafunsa, "Nanga anzako aja bwanji lero sanaoneke?" Ndinakweza wailesi.

Lachiwiri, 19 Marichi

Abwana a wodi anandiitanira mu ofesi, chitseko nkutseka. Pali dandaulo lolembedwa, loti ndinaulula za wodwala. Tsiku, nambala ya bedi, mpaka mawu anga enieni a kwa Mayi Queen. Ndikhale kunyumba mpaka afufuze, ndipo nkhani itha kukafika ku bungwe la anamwino. Akandilanda chiphaso, ntchito yathera pomwepo, ndipo viza yanga ndi ya Lackson zonse zapachikika pa ntchito yomweyi.

Ndinawauza kuti ndimangofuna timupempherere. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chichewa.

Lachitatu, 20 Marichi

Gulupu ya amayi pafoni yangoti zii. Ndinaimbira Mayi Queen. "Ife tinangomva kwa inu, amayi. Dzina langa lisatuluke, ndili ndi ma shift anga kuntchito oti ndiwateteze." Akuti Loweruka andiika pa zopempherera.

Ndikuopa.

Lachisanu, 22 Marichi

Belu linalira cha m'ma thu koloko. Flossie. Wawonda, jekete ikungolendewera. M'manja kontena yokulunga m'chitenje, mpunga ndi nkhuku, zikutentha.

"Ndamva uli pakhomo," anatero. "Palibe akuphikire, ndikudziwa mmene zimakhalira."

Misozi inangotsika yokha. Ndinati sisi, wina wandipereka, ungandipulumutse ndiwe wekha, ukawauze kuti unandilola kunena.

Anandiyang'ana mofatsa ngati akundiyeza bulawuzi. "Complaint ndinalemba ndine, Mildred. Ma page anayi. Lolemba ndikukapereka statement." Anandiika kontena m'manja. "Saulos wandisiya, ngati sunamve. Idya zisanazizire. Mawa ndibweretsa nyemba. Sabata yathunthu, monga mwa mwambo. Kontena uzinditsukira."

Anatseka yekha geti, bwinobwino, osamenyetsa.

Ine sindinakhudze. Lackson wadya kawiri, akufunsa kuti mawa kubwera ndiwo yanji.