Paguwa Patsala Msomali Wokha

Okondedwa Malume Khiêm,

Ndikhulupirira chisanu cha kumeneko sichikukuvutitsani mawondo. Kuno ku Saigon tilipo, mvula yokha ndiyo yatikwana. Mankhwala munatumiza aja Amayi akumwa.

Loweruka ndinawaperekeza ku nyumba yoonetseramo zinthu zakale za nkhondo. Anachita kukakamira okha. M'chipinda chapamwamba anaima patsogolo pa chithunzi cha mnyamata wogwidwa, manja atamangidwa kumbuyo.

"Nhàn, uyu ndi mlongo wanga Tuất," anatero. "Taona khutu lopindikalo."

Pansi pake sanalembepo dzina. Amayi atatulutsa lubani m'chikwama, mlonda anabwera chothamanga.

"Agogo, muno sitiyatsa moto!"

"Moto wonse uli m'zithunzi za pakhomazi, iwe ukuopa wangawu?"

Amayi anangosiya malalanje awiri pansi ngati nsembe.

Mukudziwa kuti malemu Malume Tuất sanasiye chithunzi. Chija cha paguwa la makolo, mmisiri anajambula potengera nkhope yanu, poti munkafanana. Zaka zonsezi takhala tikufukizira lubani inu amoyo.

Pachithunzi cha pakhomacho palinso msilikali wogwira chingwe. Wayang'ana kumbali, koma yunifolomu yake ndi ya mbali imene inu munali pankhondo ija. Amayi anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa mlongo wawo womangidwayo. Ine sindinafunse.

Titafika kunyumba anatsitsa chithunzi cha paguwa chija n'kuchikulunga m'nsalu. Mwambo wokumbukira malemuwo uli mwezi wamawa, koma paguwa patsala msomali wokha.

Akuti ndikufunseni ngati khutu lija mukulikumbukira, ndiponso kuti munaliona liti komaliza.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Nhàn